Njuchi za kudenga la ofesi

Kale, ndikuyendayenda, ndinapeza ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo ponama kuti ndine katswiri wofula njuchi. Chonsecho ine ngakhale mavu ndimathawa.

Njuchi zitamanga kudenga la ofesi, kapitawo Chimtengo anandiitana pamaso pa bwana wamkulu.

"Katswiri uja ndi uyu, bwana. Ndinamusula ndekha. Iwe, kwera! Ukakana, ntchito yatha."

Anandisula liti? Tinadziwana dzanadzanali.

Ndinagwada. "Bwana, ine ndine katswiri chabe. Kadaulo, katakwe, namandwa weniweni ndi aphunzitsi angawa. Kwathu wophunzira satsogola mphunzitsi ali pomwepo."

Bwana anavomereza, n'kupatsa Chimtengo muuni wa udzu.

Chimtengo anayang'ana kudenga, n'kuimika makwerero.

"Gwira makwerero, mfiti iwe," ananong'ona.

Ndinagwiradi, nditafunda chiguduli kumutu.