Makhadi oipa a Nasibeko

Ndamugonjetsa Lozani, anzanga! Lozani yemwe uja wa Fomu 4, amene amati atsikana makhadi sitiwatha! Koma dikirani, ndiyambe ndi nthano imene anatiuza Mayi Mbewe, aphunzitsi a masamu, poti ndiyo yandipambanitsa.

Akuti kalekale ku esiteti ya tiyi kunali bambo wina, Kadzuwa, wokonda makhadi. Masewera ake ndi omwe timasewera ife ndi nyemba aja: aliyense amabisa makhadi ake, wina n'kubetcha, mnzake amathawa, kapena amaikapo zofanana n'kunena kuti "tione." Kadzuwa sankayamba kubetcha. Zake zinali "tione, tione," ndipo ankaonadi: makhadi abwino a Bwanali, kapitawo wa paesitetipo. Nkhuku zinapita. Wailesi inapita. Inatsala mbuzi imodzi, imene mkaka wake unkalera mwana wawo wodwaladwala.

Mkazi wake, Nasibeko, anati, "Bambo, tasunthani. Mbuziyi ikapita, ipite ndi manja anga."

Anaika chingwe cha mbuzi pamphasa, Bwanali naikapo nkhuku zija ndi wailesi. Makhadi amene Nasibeko analandira anali oipa zedi. Anawayang'ana, namwetulira, nayamba kung'ung'udza nyimbo ya ukwati.

"Ndikuwonjezera dimba langa," anatero. "Inu ikanipo njinga."

"Mayi, mukungondiopseza inu," anatero Bwanali.

"Ndiye nenani 'tione', achimwene. Si mawu aafupi?" Napitiriza nyimbo.

Bwanali anayang'ana makhadi ake, nayang'ana njinga, thukuta lili kamukamu. "Munthu saimba chonchi atagwira zinyalala." Anaponya makhadi pansi, kuthawa. Atavundukula a Nasibeko anafuula, "Mayo! Ndathawa izi?"

Nasibeko, akukoka mbuzi yake, anangoti, "Ukaipa, dziwa nyimbo."

Mayi Mbewe akuti mwambiwo unayambira pamenepo. Wongoti "tione" amapambana pokhapokha makhadi ake ali abwino. Woyamba kubetcha ali ndi njira ziwiri: makhadi abwino, kapena mantha a mnzake. Chimene wapatsidwa sungachisinthe, koma usachikhalire chete kudikira kuti ena akusankhire. Anatichenjezanso kuti woimba tsiku lililonse sachedwa kugwidwa.

Lero makhadi anga anali oipa. Ndinakankha nyemba zonse, ndinaimba, Lozani anathawa! Mawa akuti abwezera, tikaweruka, paseli pa laibulale. Mubwere mudzaone. Ndikayamba kuimba musaseke, poti ngakhale inu simudzadziwa chimene ndagwira.