A Gwaza ndi Mwana Wosayang'anidwa M'maso

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, dzina lake Gwaza. Ayi, musandiyankhe kuti tilitonse, iyi si nthano. Iyi ndi nkhani ya munthu wa magazi athu, ndipo ine ndatopa nako kuinena. Ndinainena kwa amayi anu, ndinainena kwa amalume anu, lero ndikuinenanso kwa inu mano atatha m'kamwa. Sunthirani kuno, mawu anga safikanso patali.

A Gwaza sanali a muno. Anabwera chikamwini kuchokera kuseri kwa phiri, atanyamula khasu, nkhwangwa ndi mphasa, kudzakwatira Nachisale, mwana wa a Nankhoma. Inu a masiku ano chikamwini mumachidziwa? Mumangochimva. Nthawi imeneyo mkamwini anali ngati tambala wobwereka: alire m'mawa, koma anapiye ndi a eni khola. Munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, mawu pa ana ndi a mlongo wa mkazi, mwini mbumba. Ndipo apongozi ako aakazi sunkawayang'ana kumaso. Mukakumana panjira, iwe unkalowa m'tchire. Akafuna kukuuza kanthu, iwo ankakhala pansi chapatali kuyang'ana uko, iwe kuyang'ana uku, mawu apansipansi, wina akanena wina n'kudikira. Umenewo ndiwo unali ulemu.

Mwana woyamba wa a Gwaza ndi Nachisale anali wamwamuna, Dzonzi. Wokongola, wonenepa bwino, miyendo yolimba. Anakwawa, anayenda, anathamanga. Koma kuyankhula, ayi. Anzake anayamba kuti "amama", "ababa", Dzonzi zii. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, Dzonzi zii. Sanali wogontha, ayi, makutu ake ankamva mopitirira. Amayi akayamba kusinja pamodzi, mitondo ikulira mbali zonse, iye ankatseka makutu n'kukuwa. Nthungululu ikamveka, ankadzigwetsa pansi, kudziluma dzanja mpaka magazi, kugunditsa mutu kuchipupa, gu, gu, gu.

Ndiye anthu ankatani? Ankachita chimene nonsenu mumachita. Kuthamangira. Kumuzungulira. Uyu wamugwira mkono, uyu wamugwira chibwano kuti amuone kumaso, uyu akufuula, "Ukufuna chiyani? Nena! Tanena!" Munthu alibe mawu, inu mukuti anene. Mwana ankalira mpaka mawu kusasa, n'kugona pafumbi ali lefu. Nachisale anaonda. Ankapita kudambo kukatunga madzi n'kukhalitsa komweko, osati poti chitsime chinali kutali, koma kuti apumeko. Musamuweruze. Kutopa kumeneko amakudziwa ndi amene anakulawa.

A Tembwe, mlongo wake wa Nachisale, mwini mbumba, anali ndi mankhwala awo amodzi okha: chingwe. "Mbuzi yovuta timaimanga," ankatero. "Tizimumanga pamzati tikamapita kumunda, atopa yekha."

"Alamu, chingwe ayi," ankayankha a Gwaza.

Mkamwini kukana mawu a mwini mbumba! Akulu anati mkamwini asamakule mwendo, koma pa nkhani ya chingwe mwendo wa a Gwaza unakula. Ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene adzachotsedwe pamudzi, chingwe chija chidzagwira ntchito yake.

M'mawa wina a Gwaza anali pamphasa yawo kuseri kwa nyumba, lichero lolukaluka lili pambali, Dzonzi ali pakati polira. Anali atamunyengerera, atamunyamula, atamuimbira, zonse kulephereka. Mwadzidzidzi anatulukira apongozi awo, a Nankhoma, kudzanena za mbewu ya mawere. A Gwaza anamusiya mwana n'kutembenukira kumbali, maso pansi, manja pamaondo. Apongozi anakhala chapatali, nawonso kuyang'ana kwina. Mawu apansipansi. Kudikirana. Panalibe womuyang'ana mwana, panalibe womugwira. Kulira kuja kunayamba kutsika, kutsika, mpaka kunangotsala kusisima. Kenaka a Gwaza anamva kanthu kofunda katatsamira kumsana kwawo. Anali Dzonzi.

Wina akanati zangochitika. A Gwaza anali munthu wamakani, anayesanso mawa lake, n'kuyesanso tsiku linalo. Mwana akayamba, ankamutengera kuseri kwa nyumba, n'kukhala pansi chammbali, maso kwina, pakamwa potseka, dzanja limodzi atalisiya pansi pafupi ndi mwanayo. N'kudikira. Nthawi zina dzuwa linkachoka paliwombo mpaka kupendeka, iwo ali pomwepo, miyendo itachita dzanzi. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mwambiwu sananene kuti msana umawawa.

Nachisale anawafunsa tsiku lina, "Bambo a Dzonzi, kodi mwana wanu yemwe mukumuopa?"

"Sindikumuopa," anatero. "Maso athu amamulemera. Mawu athu amamulemera. Ndikungomutula katundu."

"Nanga mpaka liti?"

"Kaya. Sindikudziwa."

Sankadziwadi. Masiku ena zinkatheka, masiku ena ayi. Tsiku lina iwo omwe anapsa mtima, n'kumukalipira mwana, ndipo mwezi wathunthu Dzonzi sanawatsamirenso. A Gwaza anayambiranso pachiyambi. Anaphunzira kumuonetsa munsi amayi asanayambe kusinja, n'kupita naye kudimba phokoso lisanafike. Anaphunzira kuti mphasa ija iziyalidwa pamalo pomwepo m'mawa uliwonse, chifukwa ikasuntha pang'ono tsiku lonse laonongeka.

Ndipo tsiku lina mwana analitenga dzanja lija. Analikoka, analikoka, mpaka analiika pamtsuko. A Gwaza anati, "Madzi." Liwu limodzi basi, n'kumupatsa. Tsiku lina analiika pachitseko: akufuna kunja. Tsiku lina, atalira kwa masiku popanda wodziwa chifukwa, analiika pachala cha kuphazi, ndipo a Gwaza anapezamo thekenya litakula. Mwaona? Mwana ankayankhula, kungoti ankayankhulira m'dzanja la bambo wake.

Mukuganiza kuti mudzi unasangalala? Ha! Simuudziwa mudzi. Chaka chimenecho nkhokwe ya a Gwaza inadzaza, poti munthuyo ankalima ngati kulibe mawa, pamene za ena zinali theka. Manong'onong'o anayambira pamtondo, anafika pamowa, anathera m'makutu mwa a Tembwe. "Munthu uyu anakhwimira mwana. Anamutseka pakamwa kuti chimanga chizibwera kwa iye. Simukuona? Bambo wanji amalephera kuyang'ana mwana wake kumaso? Akumuopa ngati mpongozi chifukwa akudziwa chimene anamuchita." Zimandiwawa mpaka lero. Chinthu chokhacho chimene chinkatonthoza mwana ndicho chinasanduka umboni wa ufiti.

A Nankhoma nawo anakhulupirira. Anali mayi wouma, wosaseka wamba, ndipo anali atatopa ndi kulira kwa mdzukulu monga wina aliyense. Nachisale analira, koma anali ndi mawu anji pamaso pa mayi wake ndi mlongo wake? Ndiye m'mawa wina a Tembwe anatulutsa khasu, nkhwangwa, ndi mphasa ija ataikulunga, n'kuziika pabwalo.

"Alamu, zimene munabwera nazo ndi izi. Njira mukuidziwa. Chimanga ndi mwana n'za pano."

M'dzanja lina anali atagwira luzi lopota kale.

A Gwaza sanatsutse. Akanatsutsira kwa yani? Ananyamula katundu wawo n'kuyamba ulendo.

Dzonzi anatuluka m'nyumba, n'kupita kuseri monga mwa masiku onse, n'kupeza pamalo pa mphasa pali dothi lokhalokha. Kukuwa kwa tsiku limenelo, amati ngakhale agalu anathawa. Anathamangira pabwalo, anadzigwetsa, anagunditsa mutu pansi mpaka magazi pachipumi. Anthu anathamangira, anamuzungulira, uyu mkono, uyu mwendo, "Takhala chete! Ukufuna chiyani?" A Tembwe anawerama ndi luzi lawo.

A Gwaza anali atafika pamene njira imatulukira m'mudzi. Anaima. Analibenso mwana pamudzi pano, analibe mphamvu yomugwira. Ndiye anachita chimene mkamwini sachita: anaitana apongozi awo mokweza, pagulu.

"Amayi! A Nankhoma! Ine ndapita, sindikukana. Koma ndapota nanu, chingwe ayi. Chotsani anthuwo. Mukhale naye monga mumakhalira ndi ine, inu mumadziwa kale. Musamuyang'ane, musamufunse kanthu. Dzanja lokha mulisiye pansi."

Anthu onse anangoti kukamwa yasa. A Nankhoma anatembenukira kwa anthu aja. Kaya chinawagwira n'chiyani, kaya ndi magazi a mdzukulu wawo, kaya ndi mawu a munthu amene wathamangitsidwa koma sakudzipemphera yekha, palibe anawafunsa. Anangoti, "Chokani nonse. Nawenso Tembwe, choka ndi luzi lakolo."

"Amayi, mukumvera mfiti?"

"Ndati choka. Ndinakubala ndine."

Anakhala pafumbi mayi wokalamba uja, chammbali, maso kumunda, dzanja pansi. Dzuwa linakwera. Anthu anaima patali, pakamwa pakuwayabwa. A Gwaza anali chiimire panjira, mphasa ili paphewa. Mwana analira, analira, analira. Kenaka kulira kunatsika, kunatsika. Ndipo dzanja laling'ono linagwira dzanja lamakwinya.

Dzonzi anawakoka agogo ake. Sanawatengere kumtsuko, sanawatengere kuchitseko. Anawadutsitsa pabwalo ponse, pakati pa anthu, mpaka panjira. A Gwaza poona apongozi akubwera anayenera kulowa m'tchire monga mwa mwambo, koma sanatero. Anatula mphasa, n'kugwada, maso pansi. Mwana anatenga dzanja la agogo ake n'kuliika paphewa pa bambo wake, n'kulitsindika.

Amayi ena anagwira pakamwa. Mpongozi kugwira mkamwini! Chiyambire mudzi uno zinali zisanaonekepo. Koma a Nankhoma sanalichotse dzanjalo.

"Tembwe," anatero, "mwana wa mbumba yako wanena. Wamva?"

"Wanena chiyani? Mwanayo sayankhula."

"Wanena kuti akufuna bambo wake. Wandiuza ine, ndi dzanja langali. Mfiti yanji imatseka mwana pakamwa n'kumuphunzitsanso kupempha? Tenga mphasayo, ukaiyale pamene unaichotsa."

Ndipo a Tembwe anakaiyala, akung'ung'udza njira yonse.

Tsopano mukudikira kuti ndinene kuti Dzonzi anayankhula. Ndakuonani m'maso. Sanayankhule. Anamera ndevu, anamera imvi, osatulutsa liwu. Masiku oipa sanathe, anangochepa. A Tembwe anamwalira akukhulupirirabe kuti panali mankhwala. Nachisale anaphunzira kukhala chammbali, ndipo pambuyo pake anaphunziranso mlongo wake wa Dzonzi, amene anabadwa zitatha izi, yemwe anabala agogo a agogo anga. A Gwaza anakalamba msanga, msana utapindika ndi kukhala pansi, ndipo anaikidwa muno, m'mudzi wa eni ake. Koma Dzonzi anamwalira ali munthu wamkulu, ndipo amene anasambitsa thupi lake anati m'mikono mwake munalibe chipsera cha chingwe.

N'chifukwa chake pabanja pathu pano, pakabadwa mwana wotere, ndipo amabadwa, Chauta sanaleke kutipatsa, sitifunsa kuti wamulodza ndani. Sitimuzungulira, sitimufuulira, sitimumanga. Timati, "Mupatseni ulemu wa apongozi." Khala pansi chammbali. Chotsa maso. Tseka pakamwa. Siya dzanja pamene angalifikire, ndipo akakuonetsa chimene akufuna, chitchule ndi liwu limodzi, umupatse.

N'zotopetsa, sindikunamizani. Mudzatopa, mudzapsa mtima, mudzalira nokha kuseri kwa nyumba, ndipo anthu adzakunenani. Mukafika pamenepo itanani mnzanu akhalepo m'malo mwanu, inu mukapume, palibe manyazi. Koma wokhalapoyo asafulumire kunyamuka. Mwanayo ali ndi mawu, ndipo akawabweretsa apeze munthu alipo.