Kampando ka Nasibeko

A Kabwila, mphunzitsi wa masewera omenyana a kungfu ku Zingwangwa, sankafuna kumva za mawondo.

"Tang'adzani miyendo, mutsike ngati mwakwera hatchi," analamula ophunzira. "Woyamba kudzuka asabwerenso."

Nasibeko, mmodzi wa ophunzirawo, bondo linali litamutupa kale, koma kuthamangitsidwa sankafuna. M'mawa mwake anafika anthu asanabwere, atamanga chitenje chokwekwera pansi.

Onse atatsikanso monga dzulo lake, anzake anayamba kugwa mmodzimmodzi, iye ali phee, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. A Kabwila anamuzungulira mokayikira, koma mwamuna angasuzumire bwanji m'chitenje cha mkazi wa mwini?

"Mwina ndikulakwitsa, aphunzitsi," anatero Nasibeko. "Tandionetsani, titsike limodzi."

Pamaso pa ophunzira a Kabwila sakanakana. Anatsika kuposa onse, mawondo mpaka kupitirira zala za kumapazi. Thukuta kamukamu, miyendo njenjenje, Nasibeko n'kumawafunsa za moyo wa kunyumba, kuyambira mayi mpaka nkhuku. Asanayankhe za nkhukuzo, bondo linakana, khu pansi.

Nasibeko anadzuka, nasolola kampando m'chitenje muja, nakapukuta bwinobwino.

"Khalani apa, aphunzitsi. N'kofunda kale."