Njinga ya Lufeyo, Miyendo ya Nangondo

Kalekale, m'mudzi mwathu mom'muno munali mayi wina dzina lake Nangondo. Senderani pafupi, nkhaniyi ndi ya magazi anu. Akuluakulu ena saifuna, ati muli kamanyazi, koma nkhani yopanda kamanyazi ikoma bwanji?

Nangondo anali wamfupi. Wamfupi zedi, moti posinja ankaponda pachitsa kuti musi ugwe bwino mumtondo. Nanga anakwatiwa ndi yani? Ndi Lufeyo, chimunthu chachitali choti polowa m'nyumba chinkachita kudzipinda pawiri. Awiriwo akamapita kutchalitchi anthu ankatsinana, amvekere, "Taonani nsungwi ikuyenda ndi mtondo wake."

Lufeyo anapita ku Halale kukafuna ntchito, kusiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, Dolika. Chaka chachiwiri anatumiza njinga kudzera kwa mnzake wobwerera kumudzi. Njinga yakuda, yonyezimira, ya amuna, yaitali ngati mwini wake. Pamodzi ndi njingayo panali kakalata: "Undisungire. Ndikubwera mvula ikatha."

Mvula inatha. Ina inabwera, inathanso. Ina inabwera, inathanso. Zaka zisanu ndi ziwiri, Lufeyo zii. Anatchona. Koma Nangondo anapachika njinga ija kudenga ndi zingwe, ndipo Loweruka lililonse ankaitsitsa n'kuipukuta ndi mafuta a nsatsi, kenako n'kuibwezera kudenga. Sanaikwerepo. Akwere bwanji chinthu cha mwini, mwini wake ali m'njira?

Tsono Dolika atafika zaka khumi ndi zitatu, pakhungu pake panatuluka mawanga. Linali khate. Anamutengera kuchipatala cha amishoni kuseri kwa mapiri, ndipo kuyambira tsiku lomwelo Nangondo anasanduka munthu woopedwa. Akafika pachitsime, amayi anzake ankasuntha mitsuko. Pamaliro ankamupatsa mbale yakeyake. Kumunda yekha, kunkhuni yekha, pakhonde yekha. Mudzi wake womwe, wobadwira, koma moni ankamupatsira patali ngati akuponyera galu fupa.

Kuchipatalako unali ulendo wa tsiku ndi theka wapansi. Anapitako kawiri. M'njira palibe anamulola kugona pakhomo pake atamva komwe akupita, ndipo pobwera ulendo wachiwiri anapeza mbuzi zamaliza munda. Womuyang'anira munda akanakhala ndani? Basi miyezi inayamba kudutsa.

Tsiku lina mphunzitsi wa mpingo wochokera mbali imeneyo anaima pabwalo, osakhala pansi.

"Mayi, mwana wanu wasiya kudya. Mankhwala akulavula. Amangokhala pachipata kuyang'ana kumsewu. Akuti, 'Atate anatchona, amayinso atchona.' Mukachedwa mwezi uno, mukapeza manda."

Nangondo sanalire. Analowa m'nyumba, nayang'ana kudenga. Pa njinga, ulendo uja ndi wopita m'mawa n'kubwera tsiku lomwelo. Anamasula zingwe.

Ana inu, zimene zinachitika pabwalo paja musaseke. Chabwino, sekani pang'ono, anthu anaseka mudzi wonse. Chishalo chinkamufika pachifuwa. Ati aponye mwendo pamwamba pa chitsulo chapakati, nsalu inakola, khu! pansi. Ati akwere poponda pachitsa, anakhaladi pachishalo, koma miyendo inangoti lende, osafika pamapedulo, khu! m'minga. Anayesa kulowetsa mwendo kunsi kwa chitsulo, thupi lili cham'mbali ngati nyani wakangamira nthambi, nakathera m'matope a kukhola. Masiku atatu. Maondo ali magazi okhaokha, amayi anzake ali m'makonde kugwira nthiti. Womugwirira kaliyala kumbuyo, ngakhale mmodzi, sanapezeke.

Tsiku lachinayi anaikankha njingayo mpaka kumapeto kwa mudzi, kwa a Zefaniya osula makasu. Bambo amenewa anagwirapo ntchito ya zitsulo kumigodi, anabwerako akutsimphina, ndipo mkazi wawo anali atamwalira. Mwamva? Mkazi wawo anali atamwalira. Sungani pamenepo.

A Zefaniya anayang'ana njinga, nayang'ana mayiyo, nayang'ananso njinga.

"Mayi, vuto si inu. Njingayi inapangidwira miyendo ya a Lufeyo."

"Tsono miyendo ndikaigule kuti, bambo?"

"Miyendo sitiwonjezera. Njinga ndiyo timadula. Chitsulo chapakatichi ndichichotse ndichiwotcherere m'munsi kuti nsalu izidutsa. Apa pokhala chishalo ndifupikitse. Koma ndikadula ndadula. Munthu wamtali sadzaikweranso."

Nangondo anagwira chishalo chija, chimene anachipukuta zaka zisanu ndi ziwiri. Anadziwa kuti sakudula chitsulo chokha. Nthawi yonse imene njinga inali yaitali kudenga kuja, Lufeyo anali m'njira. Ikafupika, ndiye kuti iye mwini wavomera kuti mwamuna wake sabweranso. Anachotsa dzanja pachishalopo.

"Dulani," anatero.

Apa ndiye pali nkhani. A Zefaniya anayamba kukanda m'mutu, maso ali pansi.

"Kungoti, mayi, sindingadule mwachisawawa. Pafunika muyeso wa mwendo wanu. Kuchokera pansi kufika... kufika pomwe mwendo wathera."

"Iii, bambo!"

"Sindikugwirani ine! Nali luzi. Pitani kuseri kwa nkhokwe, pondani nsonga imodzi, mukweze, mumange mfundo pomwe lafika."

Nangondo anapita kuseri kwa nkhokwe, nayeza, namanga mfundo. Koma tsoka sasimba. Pomwe ankatuluka kuseriko, dzanja lina likukonza nsalu m'chiuno, lina likupereka kachingwe kwa mwamuna wopanda mkazi, ndani akudutsa panjira ndi dengu pamutu? Elube, mlongo wake wa Lufeyo, mayi woti pakamwa pake sipankatera ntchentche.

Dzuwa lisanapendeke, luzi lija linali litasanduka mikanda ya m'chiuno. Pofika mawa lake, mikandayo inali itakwana isanu, yofiira, ndipo ena ankalumbira kuti anaiona ndi maso awo. Elube anabwera yekha pakhomo, naima patali monga mwa masiku onse.

"Mlamu, mwafika povula mikanda masanasana? Ndiponso njinga ya achimwene mwakaidulitsa kwa chibwenzi! Akabwera mudzawauza chiyani?"

"Akabwera adzandifunse okha, mlamu. Kapena mupite ndinu kukamuona Dolika? Pajatu ndi mwana wa achimwene anu omwewo. Miyendo yanu ndi yaitali, simuvutika."

Elube anangoti dengu pamutu, ulendo. Koma nkhani ya mikanda sinafe. Mpaka lero alipo ena amainong'ona.

Patapita masiku awiri njinga inatha. A Zefaniya anamangirira timatabwa pamapedulo, natembenuzira mahandulo chakumbuyo kuti manja asamachite kutambasuka.

"Khalani pachishalo. Zala zakuphazi zikugunda pansi?"

"Zikugunda."

"Pondani pedulo ifike pansi. Bondo lisawongoke lonse, lipindike pang'ono. Eya, choncho. Msana ukukoka ngati mukulima?"

"Ayi."

"Basi. Njinga ndi yanu."

Anagwa kawiri kokha, ndipo pogwa mwendo unkafika pansi msanga. Loweruka m'mamawa anamanga mbatata zootcha pakaliyala nauyamba. Palibe anamuperekeza. Palibe anati muyende bwino. M'midzi ya m'njira amuna ankasiya bawo kuti aone mkazi pa njinga, ena kumutukwana, iye osacheuka. Pachitunda ankatsika n'kukankha, pamtsetse ankagwira mabuleki zolimba. Njira yonse mnzake wolankhula naye anali tcheni.

Dzuwa lili paliwombo anaona chipata. Pansi pa chipatapo panakhala kamtsikana kowonda, mutu uli pamaondo. Nangondo analiza belu. Ngiri ngiri! Belu limenelo Dolika ankalidziwa, ankaliliza ali wamng'ono amayi ake akamapukuta njinga. Anadzutsa mutu.

"Amayi? Njinga ya atate mwaitani?"

"Yafupika, mwana wanga. Yatopa n'kudikira."

"Mubweranso?"

"Loweruka lililonse. Tadya mbatatayi."

Dolika anadya. Anadya ziwiri, napempha yachitatu.

Zaka zinayi Nangondo anapalasa msewu umenewo, mvula ndi dzuwa, kupita yekha, kubwera yekha, kufikira m'nyumba yopanda womufunsa kuti mwayenda bwanji. Dolika anachira, anakwatiwa konko ndi mnyamata wina wochira mnzake, nabereka ana asanu. Woyamba mwa anawo ndi agogo anu aakazi. Tsono ndikufunseni, njinga ija ikanakhalabe kudenga, inu mukanakhala pano?

Lufeyo sanabwere. Ndipo za a Zefaniya, pepani okonda nkhani anzanga, panalibe kanthu. Ndafufuza mokwanira, ndipo ndikanapeza kanthu ndikanakuuzani. Nangondo anakalamba yekha m'nyumba yomwe ija. Atamwalira, anthu posasula denga anapeza kachitsulo kamene a Zefaniya anadula, katakulungidwa m'kalata ija yoti ndikubwera mvula ikatha. Kanali konyezimira. Ankakapukutabe.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno mtsikana akafuna njinga, sitiyamba ndi kufunsa mtundu wake kapena kuti anthu anena chiyani. Timamupatsa luzi, apite kuseri akayeze mwendo wake. Ndipo wina akamadzipweteka pa chinthu chimene chinapangidwira msinkhu wa munthu wina, timamukumbutsa mawu a kwa osula aja: miyendo sitiwonjezera, njinga ndiyo timadula.