Mkamwini ndi Mgolo wa Thobwa

Panali mkamwini wina, dzina lake Fanuwelo, amene ankakhala kwawo kwa mkazi wake, pamwamba pa chitunda. Munthuyu sanali waulesi ayi, koma ntchito yopita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, inkamunyansa. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kutenga mkazi wake Nangozo kupita naye kwawo ku chitengwa. Woyenera kuvomereza anali atsibweni a Nangozo, a Gwedeza, amene ankakhala kumunsi kwa chitundacho. Iwowa akafunsidwa ankangoti, "Tione kaye ngati mkamwiniyu ali ndi nzeru zosungira mwana wathu."

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mng'ono wake wa Nangozo. Thobwa anaphikira kumtunda, n'kulithira mumgolo waukulu wachitsulo, koma mwambo unali woti uchitikire kumunsi, pakhomo pa a Gwedeza. Amayi ake a Nangozo anayamba kutsuka ndowa zoti atutire thobwalo pamutu. Fanuwelo anaona kuti mpata woonetsera nzeru zake wafika. Popeza mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, anatuma mkazi wake.

"Kawauzeni amayi asiye ndowazo. Mgolowu ndiugubuduza ndekha mawa m'mawa."

"Amuna anga, mwalingalira bwino?" anafunsa Nangozo.

"Aa, inu, ndiyesa kaye."

Ndipo tisamunamizire, anayesadi. Anabwereka mgolo wina wopanda kanthu, n'kuugoneka panjira yotsetsereka, n'kuusiya. Mgolo unatsika uli gubudu gubudu, phokoso lokhalokha, iye akuthamanga pambali n'kumauwongola ndi dzanja ngati akukusa mbuzi. Anafikira limodzi kumunsi. Pobwerera kumtunda ankaimba mluzu, akudziuza mumtima kuti: ngati wopepukawu ndayenda nawo, nanga wolemera? Umenewo uzidzangokwawa.

Apa ndi pamene anaphonya, ophunzira anga, mayo ine! Chinthu chikakhala pamwamba chimakhala chitasunga mphamvu. Chikamatsika mphamvuyo sisowa, imangosintha ntchito. Mgolo wopanda kanthu kulemera kwake konse kuli m'chitsulo, ndipo chitsulocho chiyenera kuzungulira. Choncho mphamvu imagawika pawiri, ina yozungulitsa, ina yothamangitsa. Koma thobwa ndi lamadzimadzi, kuzungulira lilibe nako ntchito kwenikweni. Limangokhala phee mkatimo, chitsulo chikuzungulira kunja, ndipo mphamvu yake pafupifupi yonse imathera m'liwiro. Zimenezi Fanuwelo sankazidziwa.

M'mawa mwake anavala jekete, n'kumanga chivindikiro ndi mphira zolimba. Anagoneka mgolo pamutu pa njira, n'kuutchinga ndi mwala. Kumunsi anthu anali atadzaza kale, akuchimuna atakhala pamipando, amayi akululutira. Iye anayembekeza dala mpaka ena atayang'ana kumtunda. Kenako anachotsa mwalawo.

Poyamba mgolo unayenda mwaulemu, ngati ukudziwa kuti ukupita kwa akuluakulu. Posakhalitsa Fanuwelo anaona kuti akuthamanga kuposa dzulo. Anaika dzanja kuti auchepetse liwiro, dzanja linangokankhidwa. Anaugwira ndi manja onse awiri, unamukoka n'kumugwetsa chafufumimba, jekete n'kung'ambika kumsana. Atadzutsa mutu, mgolo unali patali, ukudumpha mizere ya m'munda wa anthu, fumbi lili kobo!

"Thobwa likubwera!" anakuwa. Kunena kuti thawani kunamuchoka m'mutu chifukwa cha mantha.

Ana atamva zimenezo anathamangira kukatenga makapu. Mwamwayi amayi anaona msanga chimene chikubwera, n'kuwakokera pambali. Mgolo unalumpha ngalande, unaboola mpanda, nkhuku zili balalabalala, n'kukagunda mtengo wa mango umene a Gwedeza anakhala pansi pake ndi ankhoswe akuchimuna. Phuu! Chivindikiro uko, mphira uko. Palibe anavulala, koma a Gwedeza ananyowa kuyambira kumutu mpaka kunsapato, chimera chili mbuu m'ndevu. Alendo anayesetsa kuugwira mtima, koma mmodzi atangoti khi, onse anaphulika nako kuseka.

Fanuwelo anafika akutsimphina, n'kugwada m'matope a thobwa.

"Pepani atsibweni. Koma wopanda kanthu uja unayenda bwinobwino dzulo."

A Gwedeza anapukuta kumaso pang'onopang'ono.

"Tamva, mkamwini. Inuyo zinthu zimakuyenderani mukakhala opanda katundu. Mukafuna kupita kwanu, pitani choncho. Mwana wathu mutisiyire."

Nangozo analira. Fanuwelo anachita manyazi kwambiri moti sanadye mpunga wa pachinkhoswe, ndipo nkhani ya chitengwa inafera pomwepo.

Tsono inu ophunzira anga, sekani, koma mumve. Mphamvu imene mwaikweza pamwamba sitayika. Imadikira nthawi yotsika, ndipo pakutsikapo siifunsa ngati mwakonzeka. Musanasiye chinthu kuti chitsike, dzifunseni kuti mphamvuyo ikathera kuti, m'kuzungulira kapena m'liwiro. Ndipo mukayesa chinthu chili chopanda kanthu, musathamangire kuuza anthu kuti mwachidziwa. Tsiku lenilenilo chidzakhala chodzaza, ndipo kumunsi kudzakhala kuli anthu.