Fisi Aweta Nkhuku Zamakapisozi

Kalekale, inu ana senderani kuno, nanunso akuluakulu lekani kuwodzera, Fisi anatopa nako kuthamangitsidwa ndi agalu. Anati, "Zakuba ndasiya. Ndiziweta ndekha." Anamanga khola, nakaba nkhuku zoti ayambire. M'thumba la nkhukuzo munagweranso Zinziri, kambalame kamene kankangotola nawo madeya.

Koma Fisi ndi kudikira sankamwerana madzi. Anamva kumsika kuti makapisozi, aja ofiira uku achikasu uku, amanenepetsa nkhuku msanga. Basitu m'mawa kapisozi m'madeya, masana kapisozi m'madzi, nkhuku zosadwala n'komwe! Zinafufuma ngati mandasi, miyendo n'kukanika thupi. Tambala akati alire ankangoti "koko..." n'kugwa chagada, phi!

Tsiku lina Zinziri anamva Fisi akunola mpeni, kwee kwee, uku akuimba zoti Loweruka adzazipha zonse. Anayang'anayang'ana pothawira. Khola linali ndi denga, pakhomo panali chipika. Ndipo ngakhale wina akanatsegula, ndani mwa onenepawa akanathamanga?

"Amalume!" anaitana Zinziri.

"Ukuti chiyani iwe kachinthu? Iwe ndidzakutsukira m'kamwa."

"Ine ndikungokumverani chisoni. Nyama yamakapisozi mukaidya, matenda a m'thupi mwanu awazolowera mankhwalawo. Tsiku lodzadwala chibayo, adzakubayani jakisoni, matenda n'kumangoseka."

Fisi anadzigwira pachifuwa, nayesa kutsokomola. "Kho! Ndiye nditaye nyama yonseyi?"

"Kutaya bwanji? Tizitsuke m'mimba, tizinenepetse ndi zakudimba monga timachitira kwathu. Podya, mafuta ake mpaka m'zigongono."

"M'zigongono?" Dovu la Fisi linagwa pansi, tho!

"Kapezeni adyo," anatero Zinziri. Fisi liwiro. Anabwera ndi adyo, mwini dimba atamuphonya ndi khasu.

"Kapezeni masamba a chamwamba." Fisi kukwera mtengo, nthambi thyo! iye pansi khu! Anadzuka akutsimphina, koma akuseka: "Mafuta m'zigongono!"

"Kapezeni chambiko." Fisi anakakama ng'ombe ya eni, ng'ombe inamumenya theche pachibwano. Anafika ndi mkaka pang'ono m'chikho, akuyankhulira mbali imodzi: "Mafuta m'zigongono!"

"Tsopano sinjani." Fisi gu! gu! gu! thukuta kamukamu, Zinziri ali pamwamba pa chodyeramo nkhuku kulamula ngati kapitawo. Makapisozi anakakwiriridwa kudzala.

Thadzi lina lokalamba linanunkhiza madeya atsopanowo n'kubwerera m'mbuyo. "Mwanawe, fungo limeneli tidya?"

"Idyani mayi," ananong'ona Zinziri. "Mukufuna fungo labwino kapena miyendo?"

Thadzi linadya, zinzake zinadyanso. Loweruka lija linadutsa, linzake linadutsanso, Zinziri akungoti, "Zatsala pang'ono, amalume, sizinatsukike." Nthenga zinayamba kuwala, miyendo inalimba. Fisi akangochoka kukasaka adyo wina, Zinziri ankaziphunzitsa kukupiza mapiko, phaphapha, fumbi koboo! M'mawa wina Tambala analira kokoliliko wathunthu, nadabwa yekha.

Fisi atamva anatulukira ndi mpeni. "Lero ndi lero. Mimba yanga yalira mokwanira."

Zinziri anayankha msanga. "Zoona, amalume. Koma taonani, mafuta aunjikana kumchira kokha. Zivine kaye pabwalo kuti afalikire thupi lonse. Paja inu ng'oma mumaitha."

"Ndani wakuuza?"

"Dziko lonse likudziwa. Amati mukaimba chotsinzina, ngakhale achule amakhala chete."

Fisi anachotsa chipika pakhomo, nakhala pansi, chidebe pakati pa miyendo. Anatsinzina. Mbi mbi mbi! Nkhuku zinatuluka mondondozana, zikugwedeza michira, Thadzi patsogolo. Zinazungulira bwalo, zinazunguliranso, Fisi mutu uli m'mwamba.

"Tiyeni!" anakuwa Zinziri.

Phaphaphapha! Zonse mumkuyu wa pafupi ndi bwalo, kunthambi zakunsonga. Fisi potsegula maso anangoona kanthenga kakutsika pang'onopang'ono, n'kudzatera pamphuno pake.

"Tsikani! Ndakudyetsani ndine!"

"Zikomo kwambiri amalume, tachira!" anayankha Tambala.

"Nanga ine ndidya chiyani?"

"M'khola mwatsala madeya," anatero Zinziri. "Ndi opatsa thanzi, mwaona nokha."

Nkhuku zinaulukira kumudzi kwa eni ake, Zinziri nalowa m'udzu. Fisi anazungulira mkuyu mpaka chizungulire, njala itamupweteka analowa m'khola nanyambita madeya onse, psiti. Mwezi wathunthu ankangogeya adyo, moti mbuzi zinkamununkhiza akadali kutsidya kwa mtsinje, n'kukalowa zokha m'khola.

Nthano yanga yatera pomwepa, amene anafotsera mbatata paphulusa akaione isanasanduke khala. Inu oweta, kapisozi muzisungira chiweto chodwala. Ndipo tsiku limene ndiwo zidzayambe kukulangizani kaphikidwe, gwiritsani chitseko.