Tsiku Limene Kompyuta ya a Elson Inagontha

A Elson Maliro anali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata kuseri kwa msika wa pa boma la Ntcheu. Anali munthu wansangala, koma pa nkhani ya kompyuta sankafuna kuuzidwa. Ankakonda kunena kuti iwo anayamba kuigwira anthu ena akuiyesa wailesi yakanema.

Lachinayi lina anachotsa pulogalamu yakale yoyendetsa kompyuta yonse n'kuikamo yatsopano. Kutacha, zonse zinkaoneka waliwali ngati mkwatibwi, koma intaneti inali zii. Tsiku lomwelo kunafika a Silvester, mlembi wa kalabu ya alimi a kachewere ku Nzama, atanyamula mafomu opempha pampu yothirira ya sola. Mafomuwo ankayenera kutumizidwa pa intaneti isanakwane folo koloko, apo ayi kalabu yonse idikire chaka china.

"Khalani pansi achimwene, kanthu kochepa aka," anatero a Elson.

Anazimitsa kompyuta, kuiyatsanso. Anasintha chingwe. Anagwedeza kabokosi ka netiweki mpaka kukaika pawindo kuti kapitidwe mphepo, koma ayi ndithu. A Silvester anawakumbutsa kuti pakhomo loyandikana ndi lawo pali mayi Dailes, okonza mafoni. A Elson anayankha kuti wokonza njinga sapatsidwa basi.

Dzuwa linapendeka, thukuta lili kamukamu. A Silvester anayamba kubweza mafomu m'chikwama, nkhope itagwa, akuganiza zimene akawauze anzawo amene anawasonkhera thiransipoti. A Elson ataona zimenezo mtima unawawawa. Ananyamuka n'kukagogoda kwa mayi Dailes.

Mayiwo sanachedwe kuona pamene panagona vuto. Anafotokoza kuti m'kompyuta muli kachipangizo kokoka netiweki, ndipo kamalankhulana ndi pulogalamu yaikulu kudzera mwa kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene kali ngati womasulira. Womasulira wakaleyo sankamva chinenero cha pulogalamu yatsopano.

"Basi tikopere watsopano pa intaneti," anatero a Elson, mphamvu zitabwerera.

"Intaneti yake iti, bambo Maliro?" anafunsa mayi Dailes akumwetulira.

A Elson anakanda m'mutu, kenako anaseka mpaka misozi. Mayi Dailes analumikiza foni yawo ku kompyuta ndi kachingwe, n'kuibwereka intaneti. Anafufuza dalaivala wogwirizana ndi kachipangizoko, anamuika, n'kuyatsanso makinawo. Kachizindikiro ka netiweki kanatulukira pakona. Mafomu anapita patatsala mphindi makumi awiri.

A Silvester anathokoza mowomba m'manja, n'kuthamangira minibasi. A Elson anatulutsa mpando wawo wabwino, anawakhazika mayi Dailes, n'kutenga kope ndi cholembera.

"Yambiraninso poyamba mayi, pang'onopang'ono, ndilembe."

Zimene zinawadyera maola asanu ndi limodzi zinatha pa theka la ola, ndipo yankho linali kuseri kwa khoma. Akuluakulu sananame: kufunsa n'kudziwa njira.